Mphambano za m'kakhadi ka amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri komanso pakamwa posatseka. Bambo ankagwira ntchito ku Joni. Popeza amayi sankatha kuwerenga, makalata awo anali mawu ndi timavidiyo timene bambo ankatumiza pa foni. Amayi ankamvetsera akusenda kachewere, n'kumabwereza uthenga umodzi mpaka tonse tinkauloweza pamtima.

Tsiku lina foni inakana kulandira uthenga watsopano. Memore khadi ya 2 GB inali itadzaza. Amalume anati mankhwala ake n'kufufuta zakale, koma amayi anawatsomphola foniyo ngati akulanda mwana mpeni. Mawu a amuna awo sakanalola kuti afufutidwe, ngakhale amodzi. Loweruka anandimangira foniyo pansalu n'kundituma ku Chimbiya, kwa a Yusufu, amene ankagulitsa za mafoni m'kasitolo ka m'mbali mwa msewu.

"Ukagule yokulirapo pang'ono chabe, ya 3," anatero.

Unali mwezi wa Juni. Ndinatsika kwathu ku Chongoni chifunga chili tolo, ndipo pomwe ndinkatuluka m'minibasi zala zinali zitauma ndi mphepo. A Yusufu anali akulu a ndevu za imvi, ovala kachisoti koyera. Ndinawapatsa moni n'kunena chimene ndinadzera.

"Ya 3 kulibe, mwana wanga. Ikachoka pa 2 imapita pa 4, kenako 8, kenako 16."

Ine ndi nzeru zanga za Sitandade 6 ndinaona kuti akufuna kundipusitsa. "Ankolo, kuwerenga timati wani, thu, fili. Musandione kuchepa, nenani kuti mukufuna kundigulitsa yaikulu basi."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo manyazi amandigwira. Mayi wina wogulitsa tomato panja anachita kusuzumira kuti aone mwana wamwanoyo. Koma a Yusufu sanakwiye. Anangofunsa kuti mlendo ndimamulondolera bwanji kwathu. Ndinati akafika pa mphambano ya pamjigo akhotere kumanja, pa mphambano yachiwiri kumanzere.

Anatenga bolopeni n'kujambula pakatoni njira yogawika pawiri. Mphambano imodzi, anatero, imakufikitsa ku nyumba ziwiri. Njira iliyonse anaigawanso pawiri, nyumba zinakhala zinayi. Anagawanso, zisanu ndi zitatu. Kenako anandiuza kuti m'kakhadimo muli tinyumba tosaoneka ndi maso, ndipo foni imapeza kanyumba kalikonse podutsa mphambano zoterezi, chifukwa makina amadziwa mayankho awiri okha, magetsi alipo kapena palibe. Opanga akawonjezera mphambano imodzi yokha, nyumba zonse zimawirikiza kawiri. N'chifukwa chake ngakhale makompyuta a m'maofesi amakula modumpha choncho.

"Khadi ya amayi ako ili ndi mphambano 31. Iyi ya 4 ili ndi 32. Tawerengera uone."

Anandipatsa bolopeni ija, iwo n'kuyamba kusamutsira za m'khadi yakale mu yatsopanoyo pa kompyuta yawo. Ndinakhala pakhonde n'kumawirikiza. Pa mphambano ya khumi ndinadutsa chikwi chimodzi. Pa ya makumi awiri ndinadutsa miliyoni, katoni n'kutha, ndinatembenuza kuseri. Pa ya makumi atatu manambala anali atadutsa biliyoni, ndipo ndinaika bolopeni pansi. Ndinayang'ana kakhadi kakale kali pakauntala ya a Yusufu, kochepa kuposa chikhadabo changa. Mmenemo munali nyumba zochuluka kuposa za Dedza yense, kuposa za Malawi yense, ndipo mawu a bambo anga ankakhala mmenemo osasochera. Ndinachita mantha, mantha okoma, onga amene ndinkamva ndikayang'ana pansi ndili pamwamba pa phiri.

Ndinapepesa nditagwada. A Yusufu anangoti kufunsa si mlandu, mlandu ndi kuweruza usanafunse, n'kundipatsa foni.

Kunyumba amayi sanafune kumva za mphambano zangazo. Anadina uthenga wakale kwambiri, ndipo bambo anatsokomola n'kufunsa ngati tapalira nyemba. Amayi anaseka, misozi ili mbwee. Madzulo omwewo uthenga umene unkakanika uja unalowa. Ndinawauza monyada kuti tsopano malo alipo ofanana ndi onse amene bambo anadzaza kale, angathe kulankhula zaka zina zambiri.

Bambo anatumiza mauthenga kwa miyezi isanu ndi iwiri yokha. Anadwala chibayo konko, ndipo anabwera kumudzi ali m'bokosi.

Lero ndimaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo ana akandifunsa chifukwa chimene mafoni awo amadumphira pa 64 kupita pa 128, ndimajambula njira pabolodi. Amazizwa ngati mmene ndinazizwira ine, ndipo inenso sindinasiye kuzizwa. Koma ndinadziwa mochedwa kuti anthu anzeru opanga makhadi aja amatha kuwirikiza malo okha, osati mawu okaikamo. Khadi ija ikadali kwa amayi. Pafupifupi theka lake n'lopanda kanthu, ndipo adzukulu akapempha kuikamo nyimbo amakana. Amati malowo ndi a bambo.