Kunsi kwa Nyumba ya Mkungudza

Sendezani mipando kuno, iwe Tadala ndi mlongo wako Yamikani, mafoniwo agone kaye patebulo. Khalani pafupi, mawu anga masiku ano sapita patali.

Ndinabwera kuno ku Perth kudzalera khanda la mayi anu, ndili ndi chikwama chimodzi, ndikuganiza kuti chimanga changa ndikakolola ndekha. Mliri wa kolona uja n'kutseka malire, ndege n'kuima, ine n'kukhalira pompano. Miyendo yangayi sidziwa kukhala. Ndinkazungulira mpanda wa nyumba ino ya ku Maddington ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka bambo anu anatopa nane. Atangolola anthu kuyendayenda, anatikweza galimoto kupita kumapiri a kuseri kwa Midland, kukaona nyumba yakale yamatabwa ija boma limaletsa kuigumula. Paja ndinagwada, masiki ili kukamwa, n'kusuzumira kunsi kwake. Inu munandikoka chitenje, mukudandaula m'Chingerezi chanu cha m'mphunocho kuti ndikukuchititsani manyazi. Lero mumve chimene ndinkafuna kumeneko.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana kosatha msinkhu, tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Bambo anga anali mlonda wa nyumba yaikulu ya pamenepo. Mwini wake, mzungu, ankakhala ku Blantyre n'kumabwera mwa apo ndi apo. Maso ake anali akapitawo. Ife tinalibe malo kwina kulikonse. Kanyumba kathu ndi kadimba kathu zinali pa dothi la esiteti, ndiye tsiku loti bambo achotsedwe ntchito linali tsiku lomwelo loti tisenze mphasa tikaime pamsewu.

Nyumbayo sinkabisa mafupa ake. Mizati yakuda inkaoneka panja, ina yoimirira, ina yopingasa, ina yopendekeka ngati munthu wotsamira mnzake, ndipo pakati pake anamatapo n'kupaka njereza. Mitengo ikuluikuluyo sinagwirane ndi misomali ayi. Wina anauboola, wina anausongola lilime, n'kulowetsana, kenaka n'kukhomapo chikhomo chamtengo. Unali mkungudza wa ku Mulanje, ndipo dzuwa likaswa mtengo fungo lake linkakupeza uli kutali, nyumba ikulira kwe, kwe, ngati nkhalamba yodziwongola. Yonseyo inaima pa miyendo ya njerwa monga nkhokwe, mphepo ikudutsa kunsi, mwendo uliwonse utavala chisoti cha lata.

Kunsi kumeneko ndiko kunali ntchito yanga yoyamba. Chiswe sichikonda mkungudza, koma khonde anali atalikonzapo ndi bulugamu, mitengo yomweyi yadzaza kunoyi, akuti kwawo n'kuno. Bulugamu kwa chiswe ndi nzimbe. Chisoti cha lata sichichiletsa kukwera, chimangochikakamiza kumanga kamsewu kake kadothi poonekera. Munthu wamkulu sakanakwana kunsiko, choncho ndinkakwawa ine, chamimba, kamtengo kali m'manja, kuswa timisewuto mwendo ndi mwendo.

Ndinkadana nayo ntchito imeneyo. Anzanga ali pa fulaye, ine ndili ndi akangaude kumaso ndi zitosi m'zigongono. Ndinkamva mpira ukugunda, kuseka kukukwera, mtima wanga n'kumathamangira komweko thupi lili mu mdima.

Chaka chimenecho achemwali anga a Esinati anapeza mwamuna, a Jailosi, amene ankagwira ntchito ku Halale. Akapitawo analola kuti madyerero adzachitikire pabwalo la nyumba yaikulu, akwati adzakhale pakhonde. Tsono amayi anga anali katswiri wozira. Mudzi wonse ukafuna khoma losalala, la maluwa a dothi lofiira ndi lakuda, unkaitana iwo. Anaima pabwalopo manja ali m'chiuno, akuyang'ana miyendo ya njerwa ija.

“Akuchimuna adzaone nyumba yoima chivulire chonchi? Adzati pano palibe mkazi.”

Bambo atapita ku maliro ku Phalombe, amayi anaitana anzawo. Anaponda dothi akuimba, n'kutseka kutsogolo konse, kuyambira pansi mpaka kukhudza matabwa, zisoti zalata zija n'kukwiririka. Anazira bwino, anajambulapo maluwa. Kunena zoona inakongola. Ngakhale othyola tiyi ankaima panjira, madengu ali kumsana.

Bambo pobwera anavula chipewa n'kuchivalanso.

“Amake Esinati, mwatani apa?”

“Taiveka nsalu.”

“Nsalu? Chiswe mwachimangira mlatho.”

“Ukwati ukatha tidzagumula. Kapena mukufuna mwana wanu akwatiwire pa khola la nkhuku?”

Bambo anali munthu wosatha mkangano ndi akazi awo. Anangoti, “Ukatha, tsiku lomwelo.” Ine ndinavina mumtima, pakuti kunsi kwa khonde kunalibenso polowera. Fulaye ndinamusewera mpaka mapazi anang'ambika.

Koma a Jailosi anachedwa. Mwezi umene ananena unadutsa, wina unadutsanso, mvula yoyamba n'kugwa, dothi lija n'kumwa chinyezi. Bambo anasiya kukhala pansi. Ankadya ataimirira, kupita kunyumba yaikulu, kubwerako, kupitanso. Pomaliza mkwati anafika ndi sutikesi yake, tsiku linaikidwa, akuchimuna anadzaza pakhomo pathu.

Ukwati uli mawa, amayi anandituma kukasesa khonde. Nditatopa ndinatsamira mutu pa mzati wa pangodya, umene unasenza denga. Ndinamva kaphokoso mkati mwake, tche tche tche, ngati mvula yowaza pa masamba ouma. Ndinachotsa khutu, kanatha. Ndinaikanso, kali pomwepo. Nditakanikiza chala, utoto unabooka, chala n'kulowa ngati mu mkate.

Ndinathamangira kwa amayi, ndinawapeza akusefa thobwa.

“Amayi, mzati uja ukulira.”

Anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kuyang'ana uku ndi uku. “Wamva ndani?”

“Ine ndekha.”

“Ukhale wekha choncho. Mawa likadutsa, ukanene kulikonse ufuna.”

Ana inu, tsiku limenelo ndinayenda. Ndinapita kumtsinje opanda ndowa. Ndinabwerera, ndinazungulira nyumba yaikulu, ndinalowa m'mizere ya tiyi n'kutulukira kwina. Ndikaganiza zonena, ndinkaona amayi akuchita manyazi pamaso pa asewere awo. Ndikaganiza zokhala chete, ndinkaona anthu atadzaza pakhonde, ana akulendewera pa mzati uja, denga lili pamutu pa achemwali, ndipo ife tili pamsewu ndi mphasa zathu. Miyendo inandisankhira yokha. Ndinapezeka ndaima kuseri kwa khola, pamene bambo ankasenda mbuzi.

Ndinawauza, ndipo sanandifunse kawiri. Anapukuta mpeni pa udzu, anatola khasu, n'kulunjika kunyumba yaikulu. Akuchimuna ankaona, amayi osinja anaimitsa misi. Khasu loyamba linagwera pa duwa lalikulu la pakati. Dothi litagumuka, chiswe chinakhuthuka ngati mpunga wotayika, misewu yake itakwera pamwamba pa chisoti mpaka mu bulugamu. Amayi anafunda chitenje kumutu n'kulowa m'nyumba.

Bambo anapita okha kwa akapitawo, chipewa chili m'manja. Akapitawo anakalipa mpaka agalu anauwa, koma atabwera n'kugogoda mitengo umodziumodzi, anapeza kuti chadya mzati umodzi ndi thabwa la pansi pake. Mafupa a nyumba anali amoyo. Anati, “Chikanalowa mkatimu, bwenzi mukumanga katundu.” Anaitanitsa mmisiri, a Namalomba, ndipo pochoka ananyamula mwendo wa mbuzi ya ukwati, palibe anatsokomola.

Ukwati unachitikira pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Ng'oma zikulira kuno, uko nyundo ikulira. Ine ndinathawa kumadyerero poopa maso a amayi, n'kukaonerera a Namalomba. Anachirikiza denga ndi mitengo iwiri, anagogoda zikhomo zija n'kutuluka, mzati wodwalawo anauzula ngati dzino. Watsopano analowetsa lilime lake m'bowo lomwe lija, chikhomo go, go, basi. Denga silinagwedezeke n'komwe.

“Ndiwe wa makutu uja?” anandifunsa akupukuta thukuta. “Taona. Amene anamanga nyumba iyi ankadziwa kuti tsiku lina idzadwala, ndiye anasiya poigwira.”

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndi ya wina wolondola ndi wina wolakwa. Pano ndakalamba ndikuona kuti amayi sanali opusa. Ankaopa manyazi monga bambo ankaopera msewu, ndipo onse awiri ankatchinjiriza ife. Kungoti chinthu ukachiphimba usanachiyang'ane, chimadyeka mwakachetechete, iwe ukuyamikiridwa maluwa.

Bambo analondera nyumbayo mpaka maso anachita khungu, ndipo anaikidwa pa esiteti pomwepo. A Jailosi anabwerera ku Halale, anatumiza bulangete kamodzi, sitinawaonenso. Achemwali analera ana awo ndi geni ya nthochi, ndipo mpaka imvi ankati akandiona, “Wabwera wogumula maukwati.” Nyumba ija ikadalipo, ndinamva kuti nayonso boma linaletsa kuigumula, ana asukulu amapita kukaiona. Ine ndinakwawabe kunsi kwake mpaka chiuno chinakana kulowa.

Amayi sananditchule dzina mpaka tinakolola. Ankangoti, “Muuzeni wa makutuyo adye.” Sananenepo kuti ndinachita bwino, ngakhale tsiku limodzi. Koma nditakwatiwa n'kumanga yanga, anabwera ndi dothi lawo pamutu kudzandizirira. Anazira pansi, anazira makoma, anajambula maluwa mpaka anthu anasonkhana. Atafika pakhonde, patsinde pa mzati uliwonse anasiya mpata wolowa dzanja. Anasamba m'manja, n'kundifunsa ngati m'nyumbamo muli madzi akumwa. Ndinakawatungira.