Mapiritsi a Che Yusufu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi wina amene tinkaimba naye kwaya. Anamva kuti pa kachipatala kena ku Zakazaka akufuna wolandira odwala, ndipo anandiperekeza yekha. Namwino wamkulu, a Nambewe, anandiphunzitsa masiku atatu okha: kukweza munthu pa sikelo, kumukhazika pansi apume kaye, kumanga lamba wa makina a BP pamwamba pa chigongono, kenako kulemba manambala m'kabuku kake.

Mwa odwala athu munali a Che Yusufu, telala wa mumsika wa Zomba. BP yawo inkangokwera mwezi ndi mwezi. Tsiku lina akutulutsa kabuku m'thumba, mapiritsi a mwezi wathawo anagwera pansi, osatsegula n'komwe.

"Bambo, simukumwa?" ndinafunsa.

"Mwanangu, tsiku langa Mulungu analemba kale. Kapiritsi aka kangafufute?"

Ndinali mtsikana, ndipo ndinkadziona wodziwa. Ndinawakalipira anthu onse a pabenchi akumva, kuti umenewo ndi umbuli. Anatola mapiritsi awo n'kutuluka. Sanabwerenso.

Patapita miyezi iwiri, m'mawa wina, akazi awo anabwera nawo pa galimoto ya aneba. Kukamwa kunali kutapotoka, mkono wamanja uli lende. Ndinamanga lamba uja mwaphuma, mpaka makina anakana kuwerenga kawiri konse. A Nambewe akulemba kalata yowatumizira kuchipatala chachikulu, mayiwo anandiuza motsitsa mawu:

"Mutu wakhala ukuwapweteka sabata yonse. Amati kuno sangabwere, munawachititsa manyazi."

Galimoto itanyamuka ndinakalira kuseri kwa chipinda cha mankhwala. A Nambewe anandipeza komweko, koma sanandinyengerere.

"Munthu akati zili m'manja mwa Mulungu, usalimbane naye za Mulungu," anatero. "Mufunse zimene Mulunguyo wasiya m'manja mwake."

A Che Yusufu anakhala ndi moyo, koma mkono uja sunabwererenso mwakale. Ndinapita kwawo kukapepesa. Anandilandira bwino, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandithamangitsa.

Ndili pa ntchitoyi mpaka lero, ndipo odwala onena kuti zinalembedwa kale sasowa. Ena amaloza Mulungu, ena mtundu wawo, ena achibale oipa mtima. Ine ndimatseka kaye chitseko, n'kuwafunsa chimene angakwanitse okha mawa m'mawa, ngakhale chochepa bwanji. Kenako ndimakhala chete mpaka ayankhe.