Whyson Njobvu ndi kalavani ya mayi wamasiye

Whyson Njobvu anabadwira kufupi ndi Katete, ndipo anabwera ku Lusaka ali ndi zaka makumi awiri. Anayamba ngati wokweza matumba pa malole a kampani ina ya boma yonyamula fetereza, kenaka anaphunzira kuyendetsa, nakhala pa chiwongolero zaka zambiri. Chuma cha dziko chitayamba kugwa, kampaniyo inachotsa anthu, iyenso anali m'gulumo. Anagula vaneti yakale yoyera imene kale inkanyamula buledi, nayamba kudya za m'manja mwake.

Ine ndinali mnansi wake ku Matero zaka khumi ndi zinayi, komanso mlembi wa mpingo umene iye ankaupondako pa Khrisimasi ndi pa maliro pokha. Sindilemba izi kuti ndimukuze. Anali munthu wouma mutu, wosachedwa kupsa mtima, ndipo moni wake unali wa mawu amodzi. Ankayendetsa pang'onopang'ono kotero kuti anzake a pa msika anamutcha Sekondi, kunena giya imene sankaichoka.

Zinali zaka za mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. Tayala latsopano linali nkhani yongomva. Whyson ankanyamula makala, mchenga, mabokosi a maliro ndi katundu wa akwati, ndipo katundu akachuluka ankakoka kangolo kamene anamuwotcherera Nassoro, mmisiri wa zitsulo wa ku Lilanda, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Whyson anali ndi chizolowezi chimodzi. Asanakolowere ngolo iliyonse ku vaneti, ankagwira chitsulo cha kutsogolo kwake, chimene iye ankachitcha khosi, n'kuchinyamula ndi manja. Chikamulemera bwino, ankati tiyeni. Chikapepuka, ankatsitsa katundu yense n'kuyambanso kupakira, mwini katundu afune asafune.

Mu nyengo yozizira ya 1987 tinaika maliro a Edmond, mmodzi wa oyimba kwaya athu. Anasiya mkazi, Ennie, amene ankasoka zovala. Abale a mwamuna sanadikire kuti misozi iume. Mkulu wake wa malemu, Chishimba, anatenga makiyi a nyumba, wailesi ndi mipando, ndipo anauza Ennie kuti akonzeke kutuluka. Kuseri kwa nyumbayo kunali kalavani, nyumba ya matayala ija imene azungu ankapita nayo kokapuma. Ennie anapatsidwa kalavaniyo ndi dona wina amene ankamusokera, pamene donayo ankabwerera kwawo. Inali yake, koma panalibe pepala lonena choncho. Chishimba anaizungulira nati ipita ku Kabwe, akasungiramo nkhuku. Lachisanu anapita kukafuna lole, nalonjeza kuti Loweruka masana abwera nayo.

Mkulu wake wa Ennie, Felistus, anali ndi poloti ku Chazanga, ya chipinda chimodzi ndi bwalo lalikulu. Kalavani ikanafika kumeneko, Ennie akanakhala ndi pogona. Ikanapezeka ku Matero masana a Loweruka, akanatsala ndi chikwama chokha. Akuluampingo anandituma kwa Whyson. Anandimvera osandiyang'ana, kenaka anafunsa funso limodzi, loti kalavaniyo yaima zaka zingati. Ndinati zinayi. Anati ndiye ayenera kuyamba ndi matayala.

Lachisanu lomwelo, Nassoro atachoka ku mzikiti, awiriwo anachotsa matayala, namata machubu, napaka girisi, ndipo Nassoro anawonjezera chitsulo china pa chokokera cha vaneti. Loweruka m'mawa tinasonkhana. Azimayi a chigwirizano anali atatsogola, motsogozedwa ndi wapampando wawo, Mayi Marjory, ndipo anali atapakira kale katundu wa Ennie. Makina osokera, mbaula, thumba la ufa ndi miphika anazilowetsa pansi pa bedi, kumbuyo kwenikweni kwa kalavani, kumene azilamu otsala m'nyumba sakanaziona.

Whyson anagwira khosi la kalavani ndi dzanja limodzi. Linakwera lokha mpaka pa chifuwa pake.

"Ndani apakira ivi?"

"Ndise," anatero Mayi Marjory. "Nanga vili na mulandu?"

"Chosani vonse."

"Ba Whyson, onani dzuwa. Uja munthu azatipeza pano."

"Akatipeza, atipeza. Ine sinikoka chinthu chili na matako olema. Pa msewu chizayamba kuvina, chizatigwetsa tonse mu mufolo."

Azimayi ena anaseka, koma Mayi Marjory sanaseke. Tinatulutsa zonse pamaso pa azilamu, amene anangoyang'ana ali pa khonde, popeza wolamula panalibe. Makina osokera Whyson anawaika m'vaneti, nawamanga ndi mphira. Ufa ndi miphika anaziika pansi m'kalavani, kutsogolo pang'ono kwa matayala. Ananyamulanso khosi, ulendo uno ndi manja awiri, mitsempha ya m'khosi mwake itatuluka. Anakolowera, natseka chotsekera ndi bawuti, napingasa maunyolo awiri pansi pake. Magetsi a kalavani anali akufa, choncho anamanga nsalu yofiira kumbuyo, ndipo ine anandiuza kuti ndiime m'vaneti kumbuyo, ndizisuzumira m'mbali, ndikaona galimoto ikubwera ndizigogoda denga.

Nthawi inali itapitirira teni koloko pamene azimayi anatulutsa Ennie, atamufunditsa chitenje chakuda mpaka kumaso, nalunjika naye ku chitseko cha kalavani.

"Mumupeleka kuti?" anafunsa Whyson.

"Mukati. Tizankhala naye ine na Felistus, makatani otseka."

"Mukati simunkhala munthu."

Mayi Marjory anamufotokozera mofatsa, monga amafotokozera munthu wosabwera ku tchalitchi. Ennie anali asanasudzulidwe. Mkazi wotero sayenda poyera, sagwira mwamuna chanza, sakhala mogundana ndi mwamuna, chifukwa anthu amati akadali ndi mthunzi wa malemu. Kumbuyo kwa vaneti sakanakhala, Matero yense akumuona. Kutsogolo sakanakhala, pambali pa mwamuna wa mwini. M'kalavani ndimo munali malo oyenera, ndipo aliyense wa ife anaona choncho. Inenso ndinaona choncho, ndipo ndinamuuza.

"Ba secretary," anatero Whyson, "imwe munaphunzira ku mishoni. Chinthu ichi chikachoka apa, muzachiimika na chani? Na pemphero? Chilibe mabuleki, chilibe wogwira. Akalankhula munthu mukati, ine sinizamumvera."

"Ni pafupi chabe, ku Chazanga."

"Manda nayo ni pafupi."

"Imwe mulibe ulemu," anatero Mayi Marjory. "Ndiye chifukwa mpando wanu ku chechi unamera udzu."

Whyson anazimitsa injini, natulutsa kiyi, nakhala pa mwala. Ndinkamudziwa, akanakhala pamenepo mpaka madzulo. Ennie anaima pakati pa bwalo, osalankhula, popeza mwambo womwewo sunkamulola kukangana. Lole iliyonse yodutsa ku msewu waukulu inkatitembenuza mitu.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi Maud, mkazi wa Whyson. Iye ndiye anali ndi chifukwa chachikulu chokanira, chifukwa ankadziwa kuti anthu a zikwati sakonda galimoto imene wamasiye wosasudzulidwa wakhalamo kutsogolo, ndipo zikwati ndizo zinkawadyetsa. Anamanga chitenje chake mwamphamvu nati, "Nizankhala pakati ndine. Aba bankhale ku chitseko. Ngati kuli chobwera, chiyambire pali ine." Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake. "Imwe, nyamukani apo, mwala si wanu."

Mayi Marjory anati iye sanaone kanthu, nakwera kumbuyo kwa vaneti pamodzi ndi Felistus ndi Nassoro.

Tinatuluka m'Matero ngati anthu operekeza maliro. Pokhota, Whyson ankapita patsogolo kwambiri asanatembenuze, kuti matayala a kalavani asagwere mu ngalande. Titalowa msewu wa ku Kabwe, oyendetsa mabasi ankatiimbira hutala ndi kutitukwana. Wina anatulutsa mutu nakuwa kuti, "Sekondi, wayamba kunyamula na manyumba?" Pa malo ena otsetsereka ndinagogoda denga, ndipo lole yaikulu ya ngolo ziwiri inatipitirira mothamanga. Mphepo yake inakankha kalavani, ndipo inayamba kupita uku ndi uku, ikukoka kumbuyo kwa vaneti. Felistus anakuwa kuti agwire buleki. Whyson sanagwire. Anangochotsa phazi pa mafuta, manja ali chilili pa chiwongolero, ndipo kalavani inagwedezeka kanayi kapena kasanu, n'kubwerera mu mzere. Patsogolo pang'ono anaima pambali, nazungulira, nagwira matayala ndi chikhato kuona ngati atentha, nayang'ana maunyolo, ndipo tinapitirira.

Msewu wolowa m'Chazanga unali wa maenje okhaokha. Tinafika dzuwa lili pamutu. Felistus atatsegula chitseko, tinapeza kabati ya pakhoma itazuka ndi misomali yake, itagwera pa bedi, ndipo thabwa limodzi la pansi linali litathyoka, nthaka ikuoneka. Sindinena kuti munthu akanafa. Ndikungonena zimene tinapeza. Mayi Marjory anayang'ana nati, "Ichi ni chiswe, osati nzeru zanu."

Whyson anafunsa Felistus ngati ali ndi zidina za simenti. Zinalipo zisanu ndi zitatu, zimene ankasungira chipinda chachiwiri. Whyson anakweza kalavani ndi jeke, naikhazika pa zidinazo, nachotsa matayala onse awiri. Nassoro anatenga sowo ya zitsulo nadula khosi lonse. Matayala ndi khosilo anapita nazo ku Lilanda.

Chishimba anafika Lolemba, atafunsira njira kwa ogulitsa makala. Felistus ndiye anandiuza za tsikulo. Munthuyo anazungulira kalavani kawiri, nagwada kusuzumira pansi.

"Mawilo ali kuti?"

"Mawilo a chani, alamu? Iyi ni nyumba."

"Musanichite chipuba, sindine mwana. Iyi ni katundu ya mufana wanga."

"Ngati ni yanu, inyamuleni."

Woyendetsa lole anati iye anabwera kudzakoka, osati kudzanyamula, ndipo mafuta ake akutha. Chishimba anatukwana, nazula katani imodzi pa zenera, napita nayo.

Ennie anakhala m'kalavanimo zaka zisanu ndi zinayi, akusoka mayunifolomu a sukulu pa khomo pake, mpaka anamanga zipinda ziwiri pa poloti yakeyake. Whyson sanaitanidwe ku chikwati chilichonse mpaka mvula itagwa, ndipo miyezi imeneyo iye ndi Maud anadya za makala ndi mchenga. Mpingo unafuna kumuthokoza pa chilengezo cha Lamulungu, ndipo ndinalemba mizere itatu. Atamva, anandiuza pa mpanda kuti ndikawerenga dzina lake sadzanyamulanso mabenchi athu. Sindinawerenge. Anayendetsa vaneti ija mpaka maso ake atayamba kuchita mdima, ndipo anaigulitsa kwa munthu wa ku Chipata compound, atamupatsa kaye chiwongolero kuti azungulire Matero, iye aone mmene munthuyo amagwirira buleki.