Tsiku Limene Chitsulo Chinachedwa Kulira

Kuseri kwa msika wa Lizulu kuli mizere ya nyumba komwe ndakhala zaka zambiri. Si mudzi ayi. Tonse tinabwera chifukwa cha msika: ena kuchokera ku Tsangano, ena ku Kasinje, ena anangodumpha msewu kuchokera ku Mozambiki. Nthawi ya chipani chimodzi ankatisonkhanitsa ndi tcheyamani wa nthambi, ndipo tinkapita chifukwa cha mantha. Matipate atabwera mantha anatha, aliyense n'kuyamba kuona zake. Kenaka mayi wina wogulitsa tomato anamwalira, mtembo wake n'kugona m'nyumba masiku awiri okumba manda osapezeka. Manyazi a masiku awiriwo ndiwo anabala bungwe lathu la anthu okhala m'derali.

Tinapempha malo a manda kwa amfumu a mudzi woyandikana nafe. Tinapeza mapiki, mafosholo ndi miphika ikuluikulu. Pambuyo pake bungweli linatibweretsera mjigo, linakonzanso kamlatho ka pakhwawa. Koma ntchito yake yeniyeni inali maliro, ndipo zaka zimenezo maliro anali ochuluka. Lamulo lalikulu linali limodzi: chitsulo chikalira, nyumba iliyonse itulutse mwamuna wokakumba ndi mayi wosenza nkhuni ndi ufa. Chinali chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pa bulugamu pafupi ndi nyumba yanga. Woliza ndinali ine.

Kumapeto kwa mzere wathu kunkakhala bambo wina wa ku Tsangano, wonyamula matumba a mbatata ya kachewere pa njinga. Sankayankhula zambiri. Zaka zoyamba ankakumba kuposa tonsefe. Kenaka mkazi wake anadwala matenda aja ogoneka munthu miyezi yambiri. Analibe ana, ndipo abale a mayiyo anali kutali mkati mwa Mozambiki. Bamboyo ndiye ankamutembenuza, kumusambitsa ndi kumuchapira. Maliro atatu anadutsa iye osaoneka kumanda. Achitatuwo anali a mkulu wawo wa apampando a bungwe.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Nsalu zomwe ankachapa tinkaziona pachingwe tsiku lililonse.

Mayiyo anamwalira m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Dzuwa litangotuluka bamboyo anafika pakhomo panga.

"Odi, achimwene. Mayi aja atisiya. Ndimati mukalize."

Lamulo linali lakuti ndisalize ndisanawauze apampando, choncho tinapita limodzi. Apampandowo ankagulitsa nyama ya mbuzi, ndipo tinawapeza akusenda.

"Pepani ndi zovutazi," anatero, mpeni osauika pansi. "Koma inu, chitsulo chimenechi mumachimva? Ine ndimayesa kumapeto kwanu kuja sichifika."

"Ndinkachimva, abambo. Wodwala ndinalibe womusiyira."

"Odwala tonse tili nawo. Achimwene anga tinawakumbira mpaka masana, inu muli pakhomo kuyanika zitenje." Kenaka anandiyang'ana ine. "Lero chisalire. Mapiki akhale momwe alilimo."

Kwathu mwini maliro sakumba manda. Mwamuna wofedwa amakhala pansi pasiwa, ena n'kumamugwirira zonse. Kumusiya kuti akumbire yekha mkazi wake ndi chipongwe chomwe ndinali ndisanachionepo. Ndinadziwa zimenezi nditaima pamenepo, koma ndinangotembenuka n'kumapita.

Pobwerera bamboyo anandifunsa chinthu chimodzi chokha.

"Mungandibwerekeko khasu? Langa linathyoka mpini."

Ndinamupatsa. Panthawiyo ndinkaona ngati ndamuchitira chifundo.

Chitsulo sichinalire koma uthenga unayenda. Mkazi wanga anali atamanga kale mtolo wa nkhuni. Ndinamuuza kuti adikire chitsulo, ndipo amayi ena onse anauzidwa chimodzimodzi. Mtembo unatsala wokha m'nyumba. Ife amuna apampando anatiuza kuti tipite kumanda tikaone, ndipo tinapita pafupifupi tonse, chimanjamanja. Tinakhala pamthunzi.

Nyengo imeneyo dothi la kumanda kwathu limakhala ngati mwala. Khasu linkangodumpha. Okumba manda amakonda nthabwala kuti ntchito ipepuke, koma tsiku limenelo wokumba anali mmodzi ndipo nthabwala zonse zinkagwera iye.

"Achimwene, ngodya iyo yapinda. Alamu athuwo agona chokhota."

"Asiyeni, akuyeza ndi thumba la kachewere."

"Tsono msana umenewu unali kuti muja timakumbira ena? Uli bwinobwino nanga."

Wina anabwera ndi nzimbe, tinagawana. Inenso ndinadya. Bamboyo sanadzutse mutu. Anavula malaya, dothi ankalitulutsa ndi manja poti analibe fosholo. Matuza ataphulika anang'amba mkono wa malayawo n'kukulunga pampini.

Dzuwa litapendeka dzenje linali litamufika m'chiuno. Apampando anaimirira n'kusasa thalauza.

"Basi, aphunzira. Pitani mukalize."

Ndinapita, ndinaliza. Amayi anatuluka nthawi yomweyo, nkhuni pamutu, poti zonse zinali zokonzeka kale. Kulira kunayamba m'mizere yonse. Nditabwerera kumanda ndinapeza mapiki afika, amuna akuvula nsapato. Bamboyo anali chiimire m'dzenjemo.

"Tulukani, achimwene, timalize ife," anatero apampando.

"Musatsikemo."

"Mwayamba mwano tsopano?"

"Ayi, abambo. Koma musatsikemo."

Sanakweze mawu, khasunso sanalikweze. Koma palibe anatsika. Anatuluka yekha n'kulunjika kunyumba kwake, ife tikumutsatira chapatali. Amayi anali atadzaza pabwalo. Anawadutsa, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Potuluka anali atanyamula mkazi wake, atamukulunga mumphasa. Mayiyo anali atatha thupi, sankalemera. Anamugoneka pathabwa la panjinga lomwe ankasanjikapo matumba, anamanga ndi malamba a matayala monga ankamangira katundu, n'kuyamba kukankha njinga.

Mayi wina anayambitsa nyimbo. Awiri atatu anayankha, kenaka inazima. Mkazi wanga anali asanatule nkhuni, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

Kumanda anamutsitsa yekha, anakwirira yekha. Manda anali osaya. Aliyense anaona. Atamaliza anatsamira khasu pang'ono, kenaka anakankha njinga yake kubwerera. Amayi anaphika ndithu, poti moto anali atasonkha kale, ndipo anthu anadya pabwalo pake iye ali m'nyumba.

M'mawa mwake anabweza khasu. Anali atalitsuka, ndi mpini womwe.

"Zikomo, achimwene. Landithandiza."

Sabata yomweyo anasamuka. Ena amati anabwerera ku Tsangano, ena amati anawoloka malire. Sindinamuonenso.

Chichokereni tsiku limenelo palibe nyumba inajombapo kumaliro. Anthu ankasiya odwala okha m'nyumba chitsulo chikalira, ndipo bungwe linakula mbiri mpaka a mizere ina ankabwera kudzafunsa momwe timayendetsera zinthu. Wobwera kumene akamauzidwa malamulo, nkhaniyi amamufotokozera kuti adziwe kuti kuno sitiseweretsa. Apampando aja anamwalira, tinawakumbira manda akuya bwino. Ine ndinaliza chitsulocho zaka zina zingapo ndisanachisiyire wina.

Manda a mayi aja anatitimira ndi mvula yoyamba. Chaka chilichonse tikamalambula kumanda timawathira dothi, poti lamulo la bungwe limati manda onse asamalidwe mofanana.