Kolala ya Bulauzi ya Mayi Aang'ono

Amayi anga chovala sachionera kunja. Ukawapatsa diresi kuti aliyamikire, amayamba alitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu pamsoko kuchokera m'khwapa mpaka m'munsi, maso ali kwina ngati munthu wosankha timiyala mumpunga. Chala chikangoima, umadziwiratu kuti zako zada. Anatero ngakhale ndi diresi langa laukwati, lomwe ndinakasoketsa dala kwa telala wa pa Songani pofuna kuwazemba. Analitembenuza pamaso pa apongozi anga, n'kufunsa ngati telalayo ankasoka akuthamangitsidwa ndi njuchi.

Makina awo ndi akale, opukusa ndi dzanja, ndipo ankakhala pakatebulo pakhonde, kuyang'ana kuminda ya mpunga ya kusikimu ya Likangala. Sankasokera malonda. Ankasokera ife a pabanja ndi anansi ochepa amene Mulungu anawapatsa mtima wodikira. Pambali pa makinawo pankakhala kachitini kakale ka mafuta odzola, m'kati muli lezala lomasulira misoko, ndipo kunena zoona lezalalo linkagwira ntchito kuposa singano. Tili ana tinkapita kusukulu ndi yunifolomu yong'ambika pamatako pamene yatsopano ili pakhonde, yosokedwa kale, koma yamasulidwanso chifukwa mkono wina akuti sunakhale bwino. Ine ndinakula ndikudana ndi kusoka. Mpaka lero batani likathothoka ndimangobaya pini.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali mayi wa ana anga, nyumba yanga ili kuseri kwa ya amayi. Kutsidya kwa bwalo kunkakhala mng'ono wawo, amene ife timati mayi aang'ono. Anthu awiriwa ukanakana kuti anayamwa bere limodzi. Mayi aang'ono ankamanga chitenje chopendekeka, ankaseka mpaka kukhala pansi, ndipo matemba awo okazinga ankagawa ambiri kuposa amene ankagulitsa. Ali mtsikana analowa mitala kwa msodzi wina wa kunyanja ya Chilwa, mpingo n'kuwadula. Anakhala kunja zaka zambiri, akuphika ndi mowa womwe. Amayi, amene analera mng'ono wawoyu makolo atamwalira, zinawapweteka kwambiri, moti nthawi yonseyo sanawasokerepo ngakhale kansalu kopukutira thukuta.

Msodzi uja atamwalira, mayi aang'ono anabwerera kumpingo. Anasiya mowa, analowa kalasi, anayendera odwala, mpaka amayi a bungwe la kutchalitchi kwathu anavomera kuti nawonso avekedwe yunifolomu imene amayi anga anavekedwa kale: bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Kwathu kuno chovala chimenechi sungangochigula n'kuvala. Amakuveka pamaso pa mpingo, abusa alipo, ndipo abusa athu ali ndi matchalitchi ambiri, choncho mwambowu umachitika kamodzi pachaka, mvula isanatseke njira. Wovekedwa akamwalira amapita kumanda atavala zoyera zakezo. Mayi aang'ono ankazinena poyera, uku akuseka, kuti ndi zimene ankafuna.

"Ine moyo wanga wonse ndanunkha utsi wa matemba," ankatero. "Koma popita ndidzapite woyera, anthu adzadabwe kuti kodi ndi yemwe uja."

Nsalu anakagula okha ku Songani titangomaliza kupuntha mpunga, nabwera nayo pakhonde ataikulunga m'pepala. Anagwada patali pang'ono.

"Achemwali, ndati mundisokere ndinu."

Amayi anaigwira nsaluyo, kuikoka m'mbali, kuiyang'anitsa padzuwa. Sananene kuti inde. Anangoti, "Taimirira ndikuyeze. Ndipo usaseke, ukundisokonezera tepi." Ine ndinalowa m'nyumba kuwasiya awiriwo.

Thupi la bulauzi linatha msanga, mikono nayonso. Timabowo ta mabatani anatisoka pamanja, tosalala ngati togula. Asanagwire nsalu ankasamba m'manja ndi sopo, ndipo masiku amenewo analetsa kuwamba nsomba pabwalo kuopa utsi. Zonse zinkayenda, mpaka anafika pa kolala.

Kolala ya bulauzi imeneyi imakhala ndi nsonga ziwiri zogwera pachifuwa. Amayi ankailumikiza, kuisita ndi simbi yamakala, kuipinda pakati kuti nsongazo zikumane, kenako n'kupukusa mutu. Ina yatalika. Ankatenga lezala. Mawa lake ina ija yafupika. Tsiku lina nsonga zalingana koma kumbuyo kwa khosi kwachita kakhwinya. Ine ndinkayang'ana mpaka maso kuwawa, osaona kanthu. Dzuwa linafika potentha, nyanja inaphwera kutali, matope a m'minda anang'ambika, kolala ikadali yomweyo.

"Amayi, kodi kutchalitchiko kukabwera anthu ndi tepi?" ndinawafunsa tsiku lina nditatopa nazo. "Apatseni eni ake avale. Mwatsala pang'ono kuibowola nsaluyo."

"Iwe zako ndi za mapini, khala chete."

"Palibe amene akaone, ndithu."

Anaika lezala pansi n'kundiyang'ana. "Anthu akhala akumuseka mwana ameneyu zaka zonsezi. Ukufuna akaime kutsogolo kwa mpingo ndi kolala yopendekeka, amayi aja azikodolana kuti taonani, ngakhale zoyera zamukana? Ine ndili moyo, ayi."

Ndinali nditakonzeka kulimbana ndi makani, koma apa panali chikondi, ndipo sindinkadziwa kuti chimenecho ndingachigwire pati. Ndinapita kwa mayi aang'ono kukawauza kuti akangoilanda bulauziyo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, amayi akowa anakhala osandisokera kuyambira iwe usanabadwe. Lero akundisokera, ndiye ndikawatsomphole m'manja? Asiye amasule. Akamamasula ndiye kuti akundiganizira."

Loweruka lomaliza, bulauzi inatha. Ndinaiona ndi maso angawa itapachikidwa pachingwe m'chipinda, yoyera mbee, mabatani ali pamzere. Mayi aang'ono anaiyesa, inawakhala ngati anabadwa nayo. Anazungulira pabwalo manja ali m'chiuno, ana anga akuwaombera m'manja. Amayi sanaseke, koma sanatengenso lezala, ndipo ine ndinapuma.

Lamulungu m'mawa, chitsulo cha kutchalitchi chitalira koyamba, amayi anati aisite komaliza. Ndinali pomwepo ndikupesa mwana. Anaiyala patebulo, anayendetsa simbi, kenako mwachizolowezi anapinda kolala pakati. Chala chinaima.

"Amayi, chonde," ndinatero.

"Ndi kamsoko kamodzi kokha. Madzi ako osamba asanazizire ndikhala nditabweza."

"Amayi, ndakupemphani. Isiyeni."

Ndikanatha kuwagwira dzanja. Ndaganizapo nthawi zambiri, koma kwathu mwana sagwira dzanja la mayi ake, ngakhale iye mwini ali ndi ana. Ndinangoima ndi chipeso m'manja. Lezala linalowa. Nsalu ya pakhosi inali itatha mphamvu ndi kubayidwa kwa miyezi yonse ija, ndipo m'malo modula ulusi, lezala linapita ndi nsalu yomwe. Amayi podzidzimuka anakoka, ndipo inang'ambika kuchokera pakhosi mpaka paphewa. Sinamveke kwambiri, koma mayi aang'ono anamva ali kubwalo, nalowa duku loyera lili kale kumutu.

Nsalu yotsala panalibe, ndipo chigamba paphewa, kutsogolo kwenikweni, ngakhale ine wa mapini ndinadziwa kuti sichingabisike. Ndinathamangira kwa mayi wina woyandikana nafe, wa thupi ngati la mayi aang'ono, amene anali ndi bulauzi ziwiri. Anandipatsa mosavuta. Ndinabwera nayo ndikupuma wefuwefu, chitsulo chikulira kachiwiri.

Amayi anailandira, n'kuitembenuza. Chala sichinayende n'komwe patali.

"M'bale wanga akavekedwe chobwereka? Cha misoko yotere, chachikasu m'khwapa?"

"Amayi, n'cha lero lokha!"

Ndinayang'ana mayi aang'ono kuti anene okha, poti tsiku linali lawo. Iwo ankayang'ana achemwali awo, amene anali atakhala pansi, bulauzi yong'ambika ili pamiyendo. Sindinawaonepo amayi ali choncho. Mayi aang'ono anamasula duku loyera lija pang'onopang'ono, kulipinda bwinobwino, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo kupinda chinthu molingana.

"Achemwali, musalire. Chaka chamawa abusa abweranso. Ine ndidikira yanu."

Kutchalitchi mayi aang'ono anakhala kumbuyo, pakati pa ife a zitenje. Anzawo a m'kalasi akuvekedwa, iwo ndiwo ankalulutira kwambiri kuposa onse. Ine nyimbo inandikanika. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira mayi aang'ono chifukwa chogonja, ndipo mkwiyo wonsewo ndinalibe koupititsa. Ndinabweza bulauzi yobwereka ija madzulo, ndikupepesa ngati ndine ndalakwa.

Sabata yomweyo amayi anakwera kabaza kupita ku Songani, iwo amene amaopa njinga, nabwera ndi nsalu ina. Anayambiranso. Mvula inagwa, tinalowa m'matope kuwokera mpunga, ndipo iwo ankati akaweruka kumunda, kusamba, n'kukhala pamakina dzuwa lisanalowe. Bulauzi yachiwiriyi inatha mpunga usanabereke. Anaikulunga m'nsalu, naiika m'sutikesi kudikira abusa, ngakhale masiku ena ndinkawapeza ataitulutsa, akupinda kolala.

Mayi aang'ono anayamba ndi chifuwa. Anati n'chamvula chabe, napitiriza kuwokera m'madzi ofika m'mawondo. Pamene tinkazindikira kuti ndi chibayo, mtsinje wa Likangala unali utasefukira, njira yathu yasanduka mtsinje, ngakhale njinga yosadutsa. Amuna a m'mudzi anawanyamula pamachira kudutsa m'madzi kupita kuchipatala chaching'ono. Anabwera nawo pamachira omwewo tsiku lotsatira, ataphimbidwa kumaso.

M'mawa wa tsiku loika maliro, amayi anatulutsa bulauzi ija, naisita. Ananditenga kuti ndiwaperekeze kwa mayi wotsogolera bungwe, amene anali atakhala ndi anzake kuseri kwa nyumba ya siwa akuluka nkhata za maluwa. Amayi, amene sagwadira munthu wamba, anagwada m'matope, bulauzi ataikweza m'manja kuti isade.

"Ndabwera ndi chovala cha mng'ono wanga."

Mayi uja anayang'ana pansi. Anali munthu wabwino, ndipo misozi inkatsika.

"Mayi, inu mwambo mukuudziwa kuposa ine. Malemuwa sanavekedwe. Ife tiwaimbira, tiwaperekeza mpaka kumanda ngati mnzathu. Koma kuwaveka lero, abusa palibe, eni ake sangayankhenso malonjezo, sitingathe."

Ine ndinalowerera, ulemu nditauiwala. Ndinati kalasi anamaliza, dzina lawo linaitanidwa tsiku lija, chinalakwika ndi nsalu basi osati munthu. Ndinati ndani akaone m'bokosi. Amayi anandigwira mkono kuti ndileke. Anadzuka, mawondo ali matope okhaokha, ndipo tinabwerera.

Mayi aang'ono tinawaveka diresi lawo lamaluwa la pakaunjika, lija ankapita nalo kumsika. Ndinathandiza kuwaveka ndine, ndipo ndinaona kuti m'khwapa munali mosokedwa ndi ulusi wakuda, misoko ikuluikulu ya dzanja lawo lomwe. Amayi anauona msokowo. Anayendetsapo chala mpaka kumapeto, osaima. Kumanda anaima pamzere wa amayi a zoyera, atavala bulauzi yawo yosalakwika paliponse, koma pakamwa sanatsegule.

Papita zaka tsopano. Makina aja ali pansi pa bedi, chifukwa maso a amayi achita ng'ala ndipo ulusi sungalowenso pasingano. Sitinakambiranepo za tsiku lija. Ndinkaganiza kuti tsiku lina ndidzawafunsa, kapena kuwakalipira, kapena kuwauza kuti mng'ono wawo sanawasungire mangawa, koma ndikafika pakhonde mawu amandithera. Bulauzi ija ikadali m'sutikesi. Yayamba chikasu m'mopinda, ndipo palibe angaivale, poti m'banja mwathu wa thupi limenelo mulibenso wina.

Mwezi wathawu ndinawapeza ataitulutsa, ili pamiyendo, akuipapasa. Anamva mapazi anga.

"Ndiwe? Tabwera, maso ako ndi abwino. Tandionera nsongazi ngati zalingana."

Ndinaitenga, ndinapinda kolala pakati monga amachitira iwo, ndinaiyang'ana padzuwa. Nsonga zinakumana ndendende.

"Zalingana, amayi. Zalingana bwinobwino."

Anaitenganso, nayendetsa chala kuchokera kumbuyo kwa khosi kutsika. Chinafika pansonga ya kumanzere, n'kuima.

"Ukundinamiza," anatero motsitsa mawu. "Kanditengere kachitini kaja."

Ndinalowa m'nyumba kukawatengera.