Tsiku Limene Akamwini Anandikalipira Mumlengalenga

A Benedicto Zikhalo ndi mwana wa malemu a Eustace Zikhalo, omwe anali katekisiti ku Kaphuka, ndi mayi Salome, aja ogulitsa mbatatesi pamsewu wa M1. Ana a Benedicto ndi awiri, Alile ndi Collins, adzukulu anga. Mayi wa anawo ndi Sophie, mwana wanga wachisamba. Ndiye kuti a Benedicto ndi akamwini anga, ndipo ntchito yawo ndi yoyendetsa ndege.

Anakula akusenza matumba a mbatatesi kuchokera kudimba, chisanu chili m'zala, koma sukulu sanaitaye. Zoulutsa ndegezo anakaphunzira kunja. Kunena zoona, ine sindinawasankhe. Ndinkafunira Sophie mphunzitsi, munthu wogona pakhomo, osati wa lero ku Nairobi mawa ku Joni.

Koma ulemu ali nawo. Kwathu kuno ku Chongoni mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso. Akafuna kundiuza kanthu amauza Sophie, Sophie n'kuuza ine, ngakhale tonse tili pakhonde limodzi. Zaka zonsezi mawu awo kwa ine anali moni yekha, atanyonyomala chapatali.

Chaka chatha mwana wanga wotsiriza, Mcdonald, ankamanga ukwati ku Joni. Akamwini anakonza kuti ine, Sophie ndi Collins, yemwe anali asanayambe kuyenda, tikwere ndege imene iwo ankayendetsa ndi anzawo a Kenan.

Kumwamba kunali kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Kanyali kouza anthu kumanga malamba kanali katazima. Collins anayamba kulira, anthu n'kumatembenuka. Sophie anamupatsa bere, anakana. Ndinamasula lamba wanga, n'kumubereka ndi chitenje, n'kumayenda naye m'kanjira ka pakati pa mipando.

"Amayi, muno si pabwalo panu," anatero Sophie.

"Mwana akudziwa zimenezo? Iwe khala uko ndi sukulu yakoyo."

Mtsikana wogawa chakudya anaseka, ndipo popereka tiyi kwa oyendetsa anakawauza kuti agogo akuyendera ndege yonse ndi mwana kumsana.

Collins anagona. Kenaka ndege inanjenjemera pang'ono, ngati minibasi ikaponda dzenje laling'ono. Kanyali kanayaka. A Kenan analankhula Chizungu pa chimkuzamawu. Chizungu ndimamvako, koma chothamangacho ayi. Komanso mwana wongogona kumene sumukhazika pansi, amadzuka. Ndinapitiriza kuyenda.

Ndiye panamveka mawu ena, Chichewa cha ku Kaphuka, chopanda ndi moni yemwe.

"Apongozi, khalani pansi. Mwanayo abwere kutsogolo. Sophie, amange lamba. Musaime n'kumaganiza, khalani."

Ndege yonse inandiyang'ana. Ine mayi wamkulu, kulamulidwa ndi mkamwini anthu akumva. Ndinakhala pansi chifukwa cha manyazi, osati mantha, mumtima ndikusanja mawu okawauza ankhoswe. Ndinazunguza chitenje, mwana anabwera pachifuwa, Sophie n'kundimanga lamba.

Asanachotse dzanja, ndege inatsika ngati chidebe chaduka chingwe pachitsime. Makapu anagunda kudenga, tiyi n'kutigwera ngati mvula. Mtsikana woseka uja anali asanafike pampando wake. Anauluka, n'kugunda kudenga, n'kuthyoka mkono, pamalo penipeni pomwe ndinali nditaima ndi Collins. Ndinamukumbatira mwanayo mpaka mikono kuchita dzanzi. Pemphero la Tikuoneni Maria ndinaliyamba kangapo, osalimaliza. Ndege inatikwezanso n'kutigwetsanso, kunja dzuwa likuwala ngati palibe chikuchitika. Patapita nthawi oyendetsa anatitsitsira m'munsi pang'ono, ndipo kunachita bata. Collins analira kamodzi, n'kugonanso.

Titatera, akamwini anayamba aperekeza mtsikana wovulala uja kwa achipatala. Kenaka anabwera, malaya atanyowa ndi thukuta, n'kuima chapatali, chipewa chili m'manja, maso pansi.

"Sophie, awuze amayi kuti mphepo imeneyi sioneka. Makina athu amaona mitambo ya mvula yokha. Nthawi yotuma munthu panalibe. Ndalakwa."

"Awuze kuti mlandu umenewu ndi wa nkhuku," ndinatero. "Yaikazi, yoikira."

"Amayi, munthu wapulumutsa mdzukulu wanu," anatero Sophie.

"Nanga ndakana? Nkhuku ndi nkhuku."

A Kenan, omwe anali kumbuyo kwawo, anafunsa ngati nawonso ali ndi mlandu. Ndinati iwo ayi, Chizungu chawo sichinakhazike aliyense pansi.

Lero Collins amathamangitsa mbuzi zanga, mutu uli bwinobwino. Ndikamusambitsa ndimagwira paliwombo n'kukumbuka denga la ndege lija. Amayi anzanga a kumphakati wa kutchalitchi ndinawauza kale kuti wonena zoipa za akamwini anga ayambe wadutsa pa ine.

Nkhuku ija sinabwerebe. Akuti kuntchito n'kotanganidwa, koma Sophie akuti amangoseka. Nanenso ndili nayo yanga ngongole, mawu amodzi okha, zikomo. Kumutuma Sophie sindikufuna. Iwo analankhula kwa ine maso ndi maso, kapena nditi khutu ndi khutu, ndiye nanenso ndiyenera kutero.

Pa Khirisimasi anabwera. Ananyonyomala kumapeto kwa khonde, ine nditakonzeka. Ndinatsegula pakamwa.

"Sophie," ndinatero, "afunse za nkhuku ija."