Dengu la Nkhani la Wailesi

Mwana wa mlongo wanga, yemwe tonse timamutchula Wailesi, anayamba kulankhula asanamere mano ndipo mpaka lero sanapumepo. Ntchito yake ndi yometa. Sikuti amameta bwino kuposa ena ayi, anthu ankadzaza benchi yake chifukwa cha nkhani. Munthu ankalowa ndi tsitsi, n'kutuluka ndi dziko lonse m'makutu.

Kenaka tsidya la msewu mkulu wina wandevu anatsegula babashopu yokhala ndi kanema wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi. Makasitomala onse anawoloka. Pa benchi ya Wailesi panatsala ntchentche, nazonso zikuyasamula.

"Abambo, mukumeta chiyani kumeneko, mphepo?" anatero mkazi wake. "Tsekani basi, tigulitse mashiniwo."

Wailesi sanatseke. Pa foni yake anapeza tsamba la pa intaneti losonkhanitsa nkhani: ukalipatsa adiresi ya masamba amene umakonda, chatsopano chilichonse chimabwera chokha pamalo amodzi. Iye analitcha dengu. Anaponyamo nyuzipepala, za mpira, za nyengo, ngakhale za ulimi wa bowa. Anaponyamonso tsamba la kampani ya magetsi, akuyesa kuti ndi la timu yawo ya mpira. Zigoli sizinabwere, kunkangofika zidziwitso zouma gwa.

Tsono mwana ameneyu mayi ake anamulera kuti chakudya sasiya m'mbale. M'dengumo, mutu wa nkhani umakhala wa zilembo zakuda bii mpaka utautsegula, ndipo iye sankatha kusesa m'babashopu mutu wina ukadali wakuda.

"Malume, nkhani yosawerenga imanditong'olera maso," ankatero, uku akumeza za bowa ndi za mawaya zomwe.

Lachisanu lina anameza chidziwitso chakuti mawa lake magetsi azima dera lonse, akusintha mapolo. Loweruka, tsiku limene aliyense amakumbukira kuti ali ndi mutu. Wailesi anatchaja mashini ake a batire mpaka kutentha, ananola sizasi, kenaka anawoloka msewu kukachenjeza mnzake.

"Achimwene, mawa magetsi kulibe."

"Kanema wanga sananene zimenezo," anayankha wandevu uja, maso ali pa mpira.

Loweruka m'mawa kanema anazima pakati pa mawu, mashini n'kufera pakati pa mutu. Posakhalitsa msewu unadzaza anthu ometedwa mbali imodzi, akuwoloka atagwira zipewa, magalimoto akuima kuti aonerere. Patsogolo panali mkwati, ukwati wake uli masana omwewo, mutu uli ngati munda umene waganyu wathawa.

"Bwana, ndipulumutseni. Akandiona chonchi apongozi abweza mwana wawo."

"Khalani pansi, akulu," anatero Wailesi, akumukulunga nsalu m'khosi. "Kodi mwamva kuti bowa amalimidwa m'thumba?"

Anameta tsiku lonse, pakamwa osatseka. Tsitsi linafika m'mawondo. Mkazi wake uja anabwera atasenza benchi ya kunyumba, za kugulitsa mashini zija ataiwala.

Magetsi anayaka, koma anthu sanawolokenso. Kanema amanena zimene wafuna yekha, pomwe Wailesi ukamufunsa za mvula, za msewu wotsekedwa kapena za madzi, amapisa m'dengu n'kukupatsa. Wandevu uja amabwera madzulo aliwonse, ati kudzabwereka burashi, n'kufunsa chapansipansi ngati mawa kuli magetsi.

Tsamba la kampani lija Wailesi sanalichotse. Akuti timu imeneyo sinagoletsepo, koma ndi yokhayo imene inamupatsa chikho.